Unyolo Wopanda Moto

1. Chitini cha Changu

Kusukulu onse ankamutchula Mafunso. Dzina lake lenileni linkamveka poitana mayina m'mawa basi. Mtsikanayu akakweza dzanja m'kalasi, anzake ankadziwiratu kuti belu la buleki alimvera ali m'kati. Iye analibe nazo ntchito. Ankangoti safunsa anadya phula, n'kuponyanso funso lina.

Koma chiyambire sukulu, Mafunso anali asanasankhidwepo pa chilichonse. Kukwaya anamubweza, kumpira wamanja anamubweza, ndipo m'sewero anamupatsa mbali ya mtengo. Zimenezi zinkamupweteka kwambiri ngakhale sankauza munthu.

Choncho mtima wake unadumpha tsiku limene aphunzitsi a kemisitiri, amene ana anawapatsa dzina loti a Molekyu, analengeza za chionetsero cha sayansi.

"Amene akufuna apange magulu," anatero a Molekyu. "Gulu lililonse lidzasonyeza phunziro limodzi pamaso pa makolo Lachisanu la mawa. Opambana adzaimira sukulu yathu ku mpikisano waukulu. Mafunso, ndakuona, tsitsa dzanja. Iwe utenge za kapangidwe ka pulasitiki."

Mafunso sanavutike kupeza mnzake. Anali naye Changu, bwenzi lake la ponda apa nane mpondepo, mtsikana amene ankayankha funso lisanathe ndipo ankadya chinthu chisanazizire.

"Usadye mutu, mnzanga," anatero Changu akuweruka. "Makolo safuna zolankhulalankhula. Amafuna moto ndi utsi. Titolere mapulasitiki, tiwasungunule m'chitini, tithire m'kapu, atuluke kapu wina. Aliyense kukamwa yasa!"

"Bwanji tifunse kaye azakhali?" anatero Mafunso. Iye ankakhala ndi mlongo wa bambo ake, amene ankagwira ntchito pafakitale ya pulasitiki.

"Akuluakulu amangoziziritsa zinthu. Tiwadzidzimutse Lachisanu."

Mafunso anaganiza za makolo odzaza holo akumuombera m'manja. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anameza funso.

2. Mbaula kuseri kwa nyumba

Loweruka masana awiriwa anakoleza mbaula kuseri kwa nyumba ya azakhali. M'chitini chakale cha penti anaikamo zitsekerero za mabotolo, chisa chothyoka ndi zidutswa za paipi yamadzi. Changu ankakupiza moto ndi katoni, uku akuimba.

Chitini chisanatenthe n'komwe, geti linalira. Azakhali anatulukira atanyamula chikwama cha kuntchito. Anasuzumira m'chitinimo kamodzi kokha, n'kuchiphula ndi ndodo ya mopu, zonse n'kukhutukira pansi.

"Khalani pansi nonse awiri," anatero. Sanakalipe, koma mawu awo anali oti ngakhale Changu anakhala.

"Tamverani ana inu, ndipo mumvetsetse. Mapulasitiki amafanana ndi maso okha. Zitsekerero izi ndi mtundu wina, paipi iyi ndi mtundu wina. Wa paipiyu ali ndi kolorini m'kati mwake. Akapsa amatulutsa mpweya woti ukakumana ndi chinyezi cha m'maso kapena cha m'chifuwa, umasanduka asidi. Mukanayamba ndi kutsokomola, kenaka maso kuwawa, kenaka kubanika. Ndiye mumafuna kukachita zimenezi mu holo, mazenera ali pamwamba, makanda ali kumbuyo kwa amayi awo?

"Chachiwiri, pulasitiki wosungunuka si madzi otentha oti akakugwera ungakutumule dzanja. Amamatirira pakhungu n'kumapitiriza kuwotcha, ndipo pochoka amachoka ndi khungu lomwe. Ife kuntchito timavala magolovesi, magalasi ndi jombo, ndipo pali mapaipi okoka mpweya woipa. Inu mwavala chiyani? Masilipasi!

"Chachitatu, ndipo ichi n'chimene chikundiseketsa, kusungunula si kupanga. Munthu akasungunula kandulo n'kuumba ina, sanapange phula. Aphunzitsi anu akufuna musonyeze mmene pulasitiki amabadwira, osati mmene amafera. Ndipo iwe mwana wa mchimwene wanga, iwe amene umandifunsa chifukwa chake sopo amachita thovu ndili pakati posamba, lero pakamwa panatsekeka bwanji?"

Mafunso anagwetsa nkhope ndi manyazi. Changu anadzambatuka n'kusasa siketi yake.

"Zikomo azakhali, tamva," anatero mwaulemu wa pakamwa pokha. Atafika pageti anakodola Mafunso n'kumunong'oneza mokalipa. "Kwathu mbaula iliko. Paipi tiisiya, zitsekerero zokha zikwana. Ukubwera kapena utsala ndi ulaliki?"

"Sindibwera, Changu. Ndipo iwenso usachite."

"Ndiye ukaima ndi chiyani Lachisanu? Ndi mafunso akowo? N'chifukwa chake sakusankha, ndiwe wamantha."

Mawu amenewa anamulasa Mafunso pabala penipeni. Anatseka geti misozi ili lengelenge. Tsopano analibe mnzake, analibenso choti akaonetse.

3. Manja awiri, miyendo iwiri

Anawapeza azakhali kukhitchini akutsuka bokosi lawo la chakudya. Anaima pakhomo kanthawi, kenaka chibadwa chake chinamugonjetsa.

"Nanga amabadwa bwanji?"

"Eya, wabwerera mwana wanga!" anaseka azakhali. Anatsegula kathumba ka chikwama n'kutapamo timibulu toyera ngati mpunga. "Ife timapanga iti. Mafakitale ena amatigula n'kuumba zidebe, mabotolo ndi majumbo. Koma chimene chimalowa m'chithanki chathu si cholimba ayi. Ndi mpweya wochokera ku mafuta a pansi pa nthaka, dzina lake ethini."

"Mpweya usanduke chidebe?"

"Bwera kuno. Ndigwire manja onse awiri."

Anaima moyang'anana pakati pa sinki ndi fuliji, atagwirana manja onse.

"Iwe ndiwe atomu ya kaboni, inenso ndine kaboni. Molekyu ya ethini ndi imeneyi: makaboni awiri ogwirana pawiri. Tingagwire munthu wina?"

"Ayi, manja atha."

"N'chifukwa chake timangoyandama awiriawiri ngati mpweya. Ndiye timathiramo kamankhwala kotchedwa choyambitsa. Nakonso ndi awiri, koma ogwirana ndi dzanja limodzi lofooka. Kukatentha amalekana, aliyense n'kutsala ndi dzanja lopanda chogwira, ndipo dzanja lotero limakhala ndi njala yoopsa. Likapeza ethini limatsomphola dzanja limodzi. Tayerekeza kuti chitseko cha fulijichi chanditsomphola."

Azakhali anasiya dzanja limodzi la Mafunso n'kugwira chitseko cha fuliji. Mafunso anatsala ndi dzanja lamanzere lili m'malere.

"Tsopano wanjala ndine!" anakuwa.

"Ndiwe. Utsomphola ethini wina, naye wina, naye wina, mpaka masauzande. Ethini mmodzimmodzi timamutcha monoma, unyolo wonsewo polima. Ndipo taona, palibe chimene chagwa pansi. Aliyense walowa wathunthu, kumangophatikizana basi. Kugwirana kumeneku kumatulutsa kutentha koopsa, ndiye ntchito yanga ine ndi kuyang'anira madzi oziziritsa chithanki. Ukawodzera pamenepo, fakitale yonse ili m'madzi. Kuthamanga si kufika, ukamuuze mnzako uja."

"Nanga unyolowo umatha liti?"

"Manja awiri anjala akakumana n'kugwirana."

"Nanga hayidirojeni? A Molekyu anati kaboni aliyense mu ethini ali ndi mahayidirojeni awiri."

"Amenewo amangolendewera m'mbali, salowa nawo m'nkhani."

Mafunso anayang'ana pansi. Anayang'ana miyendo yake, n'kuyang'ana ya azakhali. Kenaka anadumpha mpaka supuni zinalira m'dilowa.

"Miyendo! Azakhali, manja awiri, miyendo iwiri! Munthu ndi kaboni wokwanakwana! Nanga wa paipi uja?"

"Pa miyendo inayiyo, umodzi ndi kolorini."

"Ndiye mmodzi avale jombo mwendo umodzi!"

Azakhali anaseka mpaka kugwira sinki. "Zaka zonsezi ndikupanga pulasitiki, sindinadziwe kuti ndimayenda pa hayidirojeni. Jombo ndikubwereka, koma ibwere yotsuka."

4. Wezulo ya monitala

Lolemba Mafunso anayamba wapita kwa Changu kukamufotokozera. Changu anamva mawu atatu okha n'kutembenuka.

"Masewera a ana a mkaka amenewo. Ine ndawauza kale a Molekyu kuti ndili pandekha."

Amene anamuthandiza anali monitala wa kalasi, mnyamata wamtali wosaseka wamba, amene ankayenda ndi wezulo m'thumba ngati kuti sukulu ndi bwalo la mpira. Iye anamvetsera mpaka kumapeto, n'kugwedeza mutu.

"Zikumveka," anatero. "Anthu ndikupezera ine."

Anasonkhanitsa onse amene analibe magulu, ndipo tsiku lililonse akaweruka ankakumana kuseri kwa laibulale. Tsiku loyamba kunali chipwirikiti. Anyamata ankagwira atsikana ndi nsonga za zala ngati akugwira poto wotentha. Ena akatsompholedwa ankasiya manja onse awiri, ethini n'kuduka pakati.

"Limodzi lokha!" ankakuwa Mafunso. "Ukasiya onse wamupha mnzakoyo! Linalo gwiritsa!"

Wezulo inkalira, onse n'kuyambiranso. Monitala sanajombe ngakhale tsiku limodzi. Ndi iye ankanyengerera ofuna kuthawa, ndi iye ankanyamula jombo ya azakhali m'chikwama chake, ndipo Lachitatu Mafunso atasasa mawu, ndi iye ankamukuwira.

Mmene Lachinayi limafika, unyolo unkayenda bwinobwino. Pa choyambitsa Mafunso ankagwirana ndi a Molekyu eniake, amene ankati akalekana naye n'kumathamanga dzanja lili m'mwamba akukuwa kuti, "Njala! Njala!" Ana ankaseka mpaka kugwa, koma palibe amene anaiwalanso phunzirolo.

Changu ankadutsa chapatali. Lachinayi lomwelo anabwera kusukulu atavala chipewa chaubweya chofika m'maso, kunja kukutentha.

5. Lachisanu mu holo

Holo inadzaza. Makolo anakhala pa mabenchi, ahedi ndi aphunzitsi ena awiri kutsogolo monga oweruza. Gulu lina linayatsa babu ndi mandimu. Lina linaphulitsa kaphiri ka soda, thovu n'kuthira nsapato za ahedi. Dzina la Changu litaitanidwa, kumbuyo kwa holo kunangomveka kamawu kakuti, "Ndasiya."

Nthawi ya Mafunso itakwana, ana anamwazikana m'holo monse awiriawiri, atagwirana manja onse. Apo ndi pamene a Molekyu anabwera akukanda m'mutu.

"Pepa mwana wanga. Woweruza mmodzi wachoka, ndiye ahedi andiika ine. Sindingaweruze chinthu ndili momwemo."

Mafunso anamwaza maso m'holo monse. Popanda wina wolekana naye panalibe choyambitsa, ndipo ana onse anali kale awiriawiri. Pabenchi yachitatu azakhali, amene anapempha kuweruka msanga kuntchito, anali atayamba kale kuvula chikwama kuti adzuke. Zikanakhala zophweka.

Koma kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi matsache, Mafunso anaona chipewa chaubweya chitawerama. Mawu aja oti wamantha anali asanachoke mumtima mwake. Komabe kumuona Changu ali yekhayekha kunamuwawa kuposa mawuwo.

"Changu!" anaitana. "Pakufunika munthu wopupuluma. Bwera!"

Anthu anaseka. Chipewa chinadzuka pang'onopang'ono, kenaka chinabwera chothamanga.

"Sindikudziwa chochita," ananong'ona Changu.

"Dzanja limodzi m'thumba. Wezulo ikalira undisiye, ukatsomphole dzanja limodzi la aliyense amene umupeze. Ntchito imeneyi anakupangira iwe."

Mafunso anatembenukira kwa makolo. Mawu ake anali osasa, koma anamveka mpaka kukhomo.

"Makolo athu, chidebe chimene mwasambira m'mawa uno chinali mpweya. Awiriawiri mukuwaonawa ndi ethini. Munthu aliyense ndi kaboni, miyendo yake ndi hayidirojeni. Ine ndi mnzangayu ndife choyambitsa. Tsopano kwatentha!"

Monitala analiza wezulo imene anali ataluma kale. Changu anachoka ngati mphezi kulowera kumazenera. Mafunso anatsomphola dzanja la monitala, mnzake wa monitala n'kutsomphola wina, winayo wina. Maunyolo awiri anayamba kukwawa m'holo, kuzungulira mabenchi, ana akukuwa "Njala! Njala!" monga anawaphunzitsira a Molekyu.

Posakhalitsa ana onse anatha, koma kumapeto kwa unyolo uliwonse kunatsala dzanja lili m'malere. Pokonzekera paja, apa ndi pamene manja awiriwo ankagwirana. Koma kamtsikana ka kumapeto kwa unyolo wa Changu kanaona bambo ndi mayi ake pabenchi yoyamba.

"Ababa, agwireni amama manja onse! Msanga!"

Bamboyo anachita manyazi, koma anagwira, ndipo mwana wawo anawatsomphola. Basi pamenepo zinayambika. Makolo anadzuka awiriawiri, odziwana ndi osadziwana omwe. Mayi wina analowa mwana ali kumbuyo. Mlonda wa pageti analowa ndi wophika tiyi wa aphunzitsi. Azakhali ankayenda m'mbali akukonza zinthu ngati ali kuntchito: "Limodzi lokha, bambo, linalo musasiye!" Mpaka nawonso anawatsomphola.

Manja awiri omaliza anakumana kutsogolo kwa tebulo la oweruza, n'kugwirana kuti gwa. Holo yonse inali unyolo umodzi, Mafunso kunsonga ino, Changu kunsonga inayo.

"Alipo amene watayidwa kunja?" anafunsa Mafunso.

"Palibe!"

"Pali mwendo umene wagwa pansi?"

"Palibe!"

"Ameneyu ndiye polithini, pulasitiki wa zidebe ndi majumbo. Munali mpweya, tsopano tayesani kuthawa tione."

Anayesa, n'kungokokana ndi kugwerana, chikhakhali chili pakamwa. Kenaka Mafunso analoza mnyamata amene anamusiya dala pasiteji ndi mnzake, atavala jombo mwendo umodzi. Anafotokoza kuti jomboyo ndi kolorini, kuti unyolo wa otero ndiwo umapanga mapaipi amadzi, ndi kuti utsi wake ndi poizoni.

"Ngakhale enawo musawotche!" anakuwa Changu kuchokera kumazenera. Anatulutsa dzanja m'thumba n'kuvula chipewa. Nsidze yakumanzere kunalibe, m'malo mwake kunali mzere wa bolopeni. "Ine ndinangoyesa zitsekerero zokha. Poto wa amayi anapita, nsidze inapita, kapu sanabwere!"

Anthu anaseka mpaka misozi. Ahedi anachita kuvula magalasi kuti apukute m'maso.

6. Walira mvula

Oweruza sanachedwe. Ahedi anaimirira unyolo usanamasuke n'komwe, n'kunena kuti pa zaka zawo zonse za uphunzitsi sanaonepo makolo akulowa m'phunziro ndi miyendo yomwe. Opambana anali a gulu la Mafunso.

Holo inagwedezeka. Poti manja anali ogwirana, anthu anaombera ndi mapazi. Mafunso analira uku akuseka. Anamusankha! Iye amene anali mtengo m'sewero, lero dzina lake linatuluka pakamwa pa ahedi. Azakhali analiza nthungululu ali pakati pa unyolo, osasiya dzanja la munthu.

A Molekyu anabwera pamene anaima Mafunso. Ankamwetulira, koma ankakandanso m'mutu, ndipo Mafunso anali atadziwa kale kuti kukanda kumeneko sikubwera ndi zabwino.

"Wachita bwino kwambiri, mwana wanga. Koma walira mvula walira matope. Ku mpikisano waukulu salola khamu. Sukulu iliyonse imatumiza ana awiri basi. Mmodzi ndiwe. Winayo usankhe wekha, undiuze Lolemba m'mawa."

Anayankhula motsitsa, koma monitala anali pomwepo ndipo anamva zonse. Anangolavulira wezulo m'thumba la malaya, dzanja lake, limene linathandiza sabata yonse, n'kugwiritsa la Mafunso.

Kunsonga ina ya unyolo, Changu anali atakwera pabenchi, akuzunguza chipewa m'mwamba, nsidze yake ya bolopeni itasungunuka ndi thukuta.

"Mafunso!" anakuwa holo yonse ikumva. "Tikupita, mnzanga! Tikupita!"